Bambo amwalira, ana atatu atsala: tiwathandize bwanji maliro atatha?

NaPhiri_Mtendere
Moni nonse abale. Amayi a Chigwirizano kuchigawo chathu kuno ku Mtendere mu Lusaka andituma kuti ndidzapemphe nzeru. Masabata atatu apitawo tinaika bambo wina ku manda a Chingwere. Wasiya mkazi ndi ana atatu: mtsikana wa zaka 14, mnyamata wa zaka 9 ndi kamtsikana ka zaka 4. Kakang'onoko anakauza kuti adadi apita ku Chipata. Tsopano madzulo alionse kamakhala pa geti, minibasi ikangoliza hutala kamathamangira kumsewu. Mnyamatayo wayamba kukodza pogona, ndipo chipewa cha bambo ake savula ngakhale usiku. Wamkuluyo salira, sayankhula, amangotsukanso mbale zotsuka kale. Achibale a mwamuna akuti mwezi ukatha atenga ana awiri kupita nawo ku Katete. Ife timapita kukapemphera Lachinayi, koma tikamatuluka timadziwa kuti pabala penipeni sitinafikepo. Tiyambire pati?

Mlangizi_Matero
Amayi NaPhiri, yambirani pa geti pamenepo. Mwanayo auzidwe zoona sabata ino.

Womuuza akhale mayi ake. Ngati mayi sangathe kutulutsa mawu, pakhale munthu mmodzi amene mwana anamuzolowera, osati gulu. Ikhale nthawi ya masana, mwana atadya, m'nyumba mwawo momwemo. Usiku ayi, chifukwa akangomva kenako n'kuzimitsa nyali, mdima ndi imfa zimalumikizana m'mutu mwake. Mayi akhale pansi pamphasa kuti maso alingane ndi a mwana. Mawu akhale ochepa: “Adadi anadwala kwambiri, thupi lawo linasiya kugwira ntchito, anamwalira. Munthu akamwalira sapuma, sadya, samva kuwawa, ndipo sabweranso kunyumba.” Kenako awonjezere kuti: “Tinakuuza kuti apita ku Chipata chifukwa tinali ndi chisoni, koma sizinali zoona.” Mawu omalizawa ambiri amawadumpha, komatu ndi amene amabwezeretsa chikhulupiriro cha mwana pa mayi ake.

Pali mawu atatu oyenera kuwapewa. “Agona”: mwana amayamba kuopa tulo, kapena kudzutsa mayi ake pakati pa usiku kuti aone ngati akupuma. “Apita pa ulendo”: mwaona kale zotsatira zake, komanso tsiku limene mayi adzakwere basi ku siteshoni ya Intercity mwana adzakuwa ngati akuphedwa. “Tawataya”: mwana amafunsa chifukwa chake simukupita kukawafunafuna.

Musadabwe akamva n'kunyamuka kukasewera, mawa n'kufunsanso kuti adadi abwera liti. Mwana wosakwana zaka 5 sanamvetse kuti imfa ilibe pobwerera. Muyankheni ndi mawu omwewo, osasintha, ngakhale kakhumi.

Agogo_a_Chawama
Ana inu, zimenezi n'zachilendo. Kwathu mwana sankauzidwa za imfa, ankatengedwa kupita kwa azakhali mpaka maliro atatha. Kamwana ka zaka 4 mukufuna kukasenzetsa katundu wa akulu? Kasiyeni kakule, kadzadziwa kokha.

Mphunzitsi_Chilenje
Agogo, mwambo umene mukunenawo unalipo, koma unali ndi zinzake zouthandiza. Mwana ankabwerera n'kupeza anthu ameta, ankaona manda kumsitu kuseri kwa mudzi, ndipo azakhali kapena agogo ankakhala naye pamoto n'kumuuza pang'onopang'ono. Sankanamizidwa kuti bambo akwera basi. Mu komboni muno nyumba n'zogundana, mpope ndi umodzi. Amene adzamuuze ndi mnzake wa zaka 6 atakangana pa masewera: “Iwe adadi ako anafa.” Mwana akamva chotero amataya anthu awiri tsiku limodzi, bambo amene wamwalira ndi mayi amene wamunamiza.

Agogo_a_Chawama
Pamenepo ndamva. Koma kumanda musakapite nako msanga.

Mlangizi_Matero
Apo tagwirizana, agogo. Kumanda safunika kukakamizidwa. Wa zaka 9 ndi wa 14 afunsidwe ngati akufuna kupita. Wamng'onoyo afotokozeredwe kaye chimene akaone: mulu wa dothi, mtanda kapena chikwangwani cha dzina, anthu ena akulira pa manda ena. Apite m'mawa dzuwa lisanakwere, asakhalitse, ndipo pakhale munthu wamkulu amene ntchito yake ndi kutuluka naye akangofuna kuchoka.

Za mnyamatayo. Chipewa musamuvule. Chili ndi fungo la bambo ake, ndipo musachichape osamufunsa. Adzachivula yekha. Kukodza pogona ndi kubwerera m'mbuyo kumene ana ambiri amachita akagwidwa ndi mantha, si ulesi ndipo si zamatsenga. Ikani pulasitiki pansi pa chofunda, achepetse tiyi ndi madzi ola limodzi kapena awiri asanagone, akodze asanalowe m'bulangeti, ndipo zofunda zisayanikidwe pamene anzake aziona n'kumuseka. Kumukalipira kumangotalikitsa vutolo. Ngati akumva kuwawa pokodza, kapena akumwa madzi kwambiri n'kumaonda, apite kuchipatala, pamenepo si chisoni chokha.

Chinanso, ana a msinkhu umenewu amadziimba mlandu mwakachetechete. Amakumbukira tsiku limene anakana kutumidwa, kapena limene mumtima anati bola adadi kulibe. Munthu wamkulu amuuze mosadikira kuti afunse: “Palibe chimene unachita, unanena kapena unaganiza chimene chinapha adadi. Anali matenda.”

Mkulu_wa_Mpingo_Garden
Ndikufuna ndilankhule za ife a mpingo, chifukwa pakamwa pathu pamatuluka mawu amene amapweteka ana ife tikuganiza kuti tikutonthoza. “Mulungu wawatenga chifukwa amawakonda.” Wamkulu amamva chitonthozo. Mwana wa zaka 9 amamva kuti Mulungu ndi amene walanda bambo ake, ndipo mukamuuza kuti nayenso Mulungu amamukonda, amaopa kuti wotsatira ndi iye. Ena amati “osalira, ali pabwino.” Pa manda a Lazaro Yesu analira, pamene ankadziwa kuti amuukitsa. Paulo polembera Atesalonika sanaletse kulira, analetsa kulira ngati anthu opanda chiyembekezo. Choncho mwana auzidwe zonse ziwiri: imfa ndi yowawa ndipo Mulungu akumva chisoni pamodzi nafe, komanso tili ndi chiyembekezo cha kuuka. Akafunsa kuti n'chifukwa chiyani Mulungu sanayankhe pemphero lake, musapeke yankho. Nenani kuti ngakhale akulu funso limeneli limawasautsa, ndipo angathe kumuuza Mulungu mkwiyo wake m'pemphero. M'Masalimo muli madandaulo ambiri otere.

Tsopano kachezedwe. Amayi 15 ovala yunifolomu akadzaza pabalaza, ana amatulutsidwa panja kuti apereke malo, mayi wamasiye amathamanga kukakongola shuga wa alendo. Mwapemphera, koma ana simunawaone. Sinthani motere. Lembani ndandanda ya chaka chathunthu, anthu awiri pa sabata, ndipo nkhope zisachuluke: anthu 6 kapena 8 osinthana akwana. Mwana aliyense akhale ndi munthu wake mmodzi wokhazikika. Mnyamatayo akhale ndi bambo wodziwika bwino mu mpingo, wovomerezedwa ndi mayi ake, amene amamutenga kukameta tsitsi, kumuphunzitsa kumata tayala la njinga, kupita naye ku mpira. Azicheza poyera, mayi akudziwa kumene ali ndi nthawi yobwerera. Opita kukacheza anyamule chawo chakudya. Pa ndandandapo lembanipo masiku owawa: tsiku lobadwa la malemu, Khirisimasi, tsiku lotsegulira sukulu, ndi tsiku lokwanitsa chaka. Anthu amadzaza nyumba sabata yoyamba, koma mwezi wachitatu ndi pamene m'nyumba mumazizira, abale onse atabwerera kwawo.

Ndipo chonde, musawaimiritse kutsogolo kwa tchalitchi kuti “ana amasiye abwere alandire.” Thumba la ufa lipite kunyumba madzulo mwakachetechete.

Dorika_Mandevu
Mawu omalizawo alembedwe pa khomo la tchalitchi chilichonse. Ana ena amasiya kubwera ku Sabata chifukwa cha manyazi amenewa.

Malume_wa_Mbumba
Nonse mwalankhula za misozi, koma palibe wakhudza za ku Katete. Ndipo ndikuona ngati achibale a mwamuna ayamba kale kuoneka ngati adani. Mayi mmodzi wogulitsa pa msika adyetsa ana atatu, alipire lendi, agule malasha? Kumudzi kuli munda, kuli agogo, kuli mbumba. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, nanji wa mbale wako. Akawatenga akuchita udindo wawo.

NaBanda_Kalingalinga
A Malume, funso ndi lakuti akufuna ati? Kawirikawiri amasankha mtsikana wamkulu. Akafika kumeneko amasanduka wolera ana a eni nyumba ndi wotunga madzi, sukulu n'kuthera pomwepo.

Malume_wa_Mbumba
Si onse, mayi. Musaweruze anthu musanawamve.

Mlangizi_Matero
A Malume akunena zoona kuti si onse, ndipo abale amenewa anawa adzawafuna moyo wawo wonse. Koma onani chimene mwana amataya akasamutsidwa mwezi woyamba: bambo wapita kale, tsopano mayi, abale ake, sukulu, anzake, mphasa imene amagonapo. Ana amene amachira bwino kawirikawiri ndi amene kholo lotsala lili pafupi ndipo likuthandizidwa kuti liime, komanso zochita za tsiku ndi tsiku sizinasokonekere. Ndiye funso kwa a ku Katete lisakhale “mutenga angati,” likhale “muthandiza bwanji ali pomwepa.” Matumba a chimanga ndi mtedza akakolola angathe kukwezedwa pa basi. Wina atenge udindo wa nsapato ndi yunifolomu za mwana mmodzi. Pa holide ya Ogasiti ndi ya Disembala ana onse atatu apite limodzi kumudzi, akadziwe agogo awo, akamve nkhani za ubwana wa bambo awo, tsiku lobwerera lili lodziwika asananyamuke. Ngati zitavutitsitsa kuti wina asamukedi, adikire chaka cha sukulu chithe, mwanayo afunsidwe, ndipo pakhale foni yoti azilankhula ndi mayi ake sabata iliyonse.

ZaMalamulo_Kabwata
Ndiwonjezere za lamulo la kuno ku Zambia, chifukwa nkhani yotenga ana nthawi zambiri imayenda limodzi ndi nkhani ya katundu. Amene ali ndi ana ndi amene amaoneka woyenera kusunga gawo lawo.

Choyamba, kaya banjalo ndi la Achewa kumene malume ali ndi mawu pa mbumba, kaya ndi la Angoni kumene malowolo anaperekedwa, mayi ali moyo ndipo udindo wa ana uli pa iye. Children's Code Act ya 2022 imaika ubwino wa mwana patsogolo, ndipo maganizo a mwana amamvedwa malinga ndi msinkhu wake. Palibe angamunyamule mokakamiza.

Chachiwiri, ngati malemu sanasiye wilo, chuma chimagawidwa motsatira Intestate Succession Act ya 1989. Pa 100 iliyonse, 50 ndi ya ana, 20 ya mkazi, 20 ya makolo a malemu, 10 ya anthu amene ankadalira malemu. Gawo la ana siligawidwa mofanana mwachisawawa, limayang'ana msinkhu ndi zosowa za sukulu. Ana obadwa kunja kwa banja nawonso ndi ana pa lamuloli, ndipo ndi bwino kuti zimenezi zituluke pa msonkhano woyamba kusiyana n'kudzatulukira kukhoti. Achimwene ndi achemwali a malemu alibe gawo, pokhapokha ngati ankasungidwa ndi iye. Katundu wa m'nyumba, mabedi, mipando, mapoto, zovala, ndi wa mkazi ndi ana. Nyumba ikakhalapo ndi ya mkazi ndi ana, ndipo mkazi ali ndi ufulu wokhalamo moyo wake wonse, ufulu umene umatha akakwatiwanso. Malo a kumudzi a pansi pa mfumu sali m'lamuloli.

Chachitatu, woyang'anira chuma amasankhidwa ndi banja koma amatsimikizidwa ndi khoti. Mayi wamasiye angathe kukhala iyeyo, ndipo nzeru yabwino ndi kuika awiri, mayi ndi mmodzi wa kuchimuna. Woyang'anira si wolowa chuma. Ntchito yake ndi kusonkhanitsa, kulipira ngongole, kugawa ndi kufotokoza mmene wayendetsera. Nyumba sangagulitse popanda chilolezo cha khoti. Kulanda katundu wa amasiye ndi mlandu, ndipo pa polisi pali Victim Support Unit imene imalandira nkhani zotere. Amene alibe ndalama ya loya apite ku Legal Aid Board kapena ku National Legal Aid Clinic for Women.

Chimene a Chigwirizano mungachite mawa lomwe: khalani ndi mayiyo, lembani katundu yense m'kope, jambulani zithunzi pa foni, asaine mayi, wa kuchimuna mmodzi ndi mkulu wa mpingo. Mapepala onse alowe mu envulopu imodzi ya pulasitiki: chikalata cha imfa, chilolezo choikira maliro, NRC (chiphaso cha unzika) ya malemu, chikalata cha ukwati, makhadi a sikelo kapena zikalata zobadwira za ana, mapepala a nyumba, ndi simu khadi ya malemu chifukwa mu Airtel Money kapena MTN mungakhale ndalama. Makope ena asungidwe kunja kwa nyumbayo.

Malume_wa_Mbumba
Kulemba katundu pamaso pa abale kuli ngati kuwatcha akuba.

ZaMalamulo_Kabwata
Kumatetezanso iwowo, a Malume. Firiji ikadzasowa, amene anasaina ndi amene sangalozedwe chala. Ndipo ana akamaona akulu akukanganirana wailesi ya bambo awo, bala limenelo limakhalitsa kuposa la manda.

Kalaliki_Kamwala
Ngati malemu ankagwira ntchito yolembedwa, mayi apite ku NAPSA, bungwe la penshoni, ndi nambala ya malemu ya kumeneko. Pali ndalama yothandizira maliro, komanso ya otsala, imene imaperekedwa mwezi ndi mwezi kapena kamodzi kokha malinga ndi mmene malemu anasonkhera. Ana amawerengedwa mpaka zaka 18, kapena mpaka 25 ngati akadali pa sukulu, ndiye kalata ya kusukulu imafunika. Zimene zimachedwetsa kwambiri ndi ziwiri. Maina osiyana pa mapepala: pa NRC Tembo, pa khadi la sikelo la mwana dzina la agogo, kapena chilembo chimodzi chosiyana. Konzani msanga ndi chikalata cholumbira. China ndi abwana amene ankadula ndalama pa malipiro koma osakapereka, choncho mapepala a malipiro a malemu asatayidwe. Kuntchito kwakenso funsani za masiku a tchuthi amene sanatenge ndi malipiro otsala.

Dalaivala_Chaisa
Mukunena za ndalama ya maliro, koma vuto ndi ife tomwe. Masiku atatu kudyetsa anthu mazana, mabasi a hayala, bokosi lodula, matenti, kenako mayi wamasiye atsala ndi ngongole ya kaloba. Chipepeso chonse chimathera mu nkhuku ndi kabichi.

Dorika_Mandevu
Ndiye pakatha chaka akuti chiliza cha mwala wonyezimira, ndi chitenje chofanana banja lonse. Ana alibe nsapato.

Agogo_a_Chawama
Chiliza n'chofunika. Manda a mu tauni akapanda chizindikiro, mvula ziwiri zokha simudzawapezanso. Mwana akadzakula adzafunsa pamene bambo ake anagona, mudzaloza pati?

Dalaivala_Chaisa
Sindikukana, agogo. Koma matumba ochepa a simenti, njerwa ndi chitsulo cholembapo dzina zikwana. Mwala wodulawo adzaika anawo akadzayamba ntchito.

Mphunzitsi_Chilenje
Agogo akhudza mfundo yabwino: jambulani manda ndi zizindikiro zoyandikana nawo, ndipo lembani nambala yake pa pepala la mu envulopu ija. Koma tibwerere kwa ana, makamaka kusukulu.

Abwerere m'kalasi msanga, masabata atatu akwana kale. Munthu wamkulu apite nawo tsiku loyamba, akaonane ndi mphunzitsi wa kalasi komanso mphunzitsi wa uphungu. Mwana afunsidwe ngati akufuna kuti anzake auzidwe, ndiponso ndani awauze. Pemphani zinthu zing'onozing'ono zotheka: aloledwe kutuluka mphindi zingapo misozi ikabwera popanda kufotokoza pagulu, apatsidwe nthawi yokopera zimene anaphonya, asakwapulidwe mawu chifukwa cha magiredi otsika teremu ino. Chisoni chimaiwalitsa zophunzira, mwana amawerenga tsamba katatu osagwira kanthu. Si kupusa.

Kuyambira 2022 sukulu za boma n'zaulere mpaka kumaliza sekondale, koma yunifolomu, nsapato, makope ndi chakudya cha masana zikadali pa kholo. Apa ndi pamene chilimba cha amayi (ndalama zosonkherana) kapena thumba la mpingo lingagwire ntchito yooneka. Kwa amene wasankhidwa ku sekondale yogonera komweko, pali thandizo la CDF, thumba la boma la chitukuko cha dera, ndipo mafomu amadzera ku komiti ya chitukuko ya wadi. Funsani nthawi yolembetsa chaka chisanathe, musadikire Januwale. Mayi apitenso ku ofesi ya Social Welfare ya boma akafunse ngati banja lake lingalowe mu Social Cash Transfer, ndalama zimene boma limapatsa mabanja ovutika. Kulowa kumadalira kawuniwuni wawo, koma dzina likhale lodziwika.

Namwino_Kanyama
Pali chinthu chimene sichinatchulidwe ndipo anthu amachiopa. Amayi NaPhiri, simuyenera kutiuza chimene chinapha malemu, ndipo musakafunse mayiyo pagulu. Koma munthu mmodzi amene amamukhulupirira amunong'oneze izi. Ngati anali matenda a chifuwa chachikulu, onse a m'nyumba akapimidwe. Ana osakwana zaka 5 amene ankakhala ndi wodwala amapatsidwa mankhwala oteteza ngakhale asakutsokomola, ndipo amwe mpaka kumaliza miyezi imene auzidwa. Ngati panali kachilombo ka HIV, kapena sizikudziwika, mayi ndi ana onse atatu akayezetse. N'kwaulere ku zipatala za boma, ndipo ma ARV ndi aulere. Mwana wobadwa nako angathe kufika zaka 9 kapena kupitirira akuoneka bwinobwino, kungokhala wochepa thupi kapena wodwaladwala m'makutu ndi pakhungu. Akapezeka nako, asanamizidwe kuti ndi mavitamini mpaka kalekale. Amauzidwa pang'onopang'ono, ndipo pofika zaka 12 akhale akudziwa dzina la matenda ake. Achinyamata ena amene anadzitulukira okha amasiya mankhwala.

Ndipo mayiyo mumuyang'ane. Akudya? Akugona? Iye akagwa, ana atatu agwa naye.

Mjomba_Chaisa
Ine ndine Msilamu, koma nkhani iyi ndi ya tonse. Mtumiki Muhammad, mtendere ukhale pa iye, anabadwa bambo ake atamwalira kale, mayi ake anamwalira iye ali ndi zaka 6, analeredwa ndi agogo ake kenako ndi m'bale wa bambo ake, Abu Talib. Qur'an imaletsa mwamphamvu kudya chuma cha mwana wamasiye. Chimene ndikufuna kuwonjezera ndi cha m'nyumba imene yalandira mwana, ngati zingafike pamenepo. Mbale ikhale imodzi. Nsima ya ana a pakhomo ndi ya wobwera ichoke mu mphika umodzi, pa nthawi imodzi. Zovala za chikondwerero zigulidwe tsiku limodzi, ngakhale zonse zikhale za salaula, zovalavala kale. Ntchito za pakhomo zilembedwe mosinthana. Dzina la bambo ake lisasinthidwe. Ndipo mawu akuti “tikungokusunga” asatuluke pakamwa pa munthu ngakhale atakwiya bwanji. Ana amaiwala njala, mawu amenewo saiwala.

Mkulu_wa_Mpingo_Garden
Zikomo a Mjomba. Kwathunso tili ndi Estere amene analeredwa ndi Moredekai ngati mwana wake, ndi Mefiboseti amene anali ndi zaka 5 pamene bambo ake Yonatani anafa, n'kudzadya pa tebulo la Davide ngati mmodzi wa ana a mfumu. Nkhani zimenezi muziwauza ana. Amadziona m'menemo.

NaBanda_Kalingalinga
Tonse tathamangira ang'onoang'ono. Ine amene akundidetsa nkhawa ndi wa zaka 14 uja wotsuka mbale.

Mlangizi_Matero
Mwalasa, amayi NaBanda. Pa maliro pamakhala wina amene amagwira mwana wamkulu paphewa n'kunena kuti “tsopano ndiwe wamkulu, ulimbe chifukwa cha amayi ako.” Mwana amamvera. Amabisa misozi kuti mayi asalire, mayinso amabisa yawo kuti mwana asalire, m'nyumba n'kukhala zii. Anthu amamuyamikira kuti ndi wolimba, pamene m'kati akupsa.

Msinkhu umenewu suyankha mafunso a maso ndi maso. “Ukumva bwanji” yankho lake ndi “bwino.” Amalankhula manja ali pa ntchito: posankha nyemba, poluka tsitsi, poyenda kuchokera ku msika. Munthu wake uja ayambe ndi nkhani ya malemu, mwachitsanzo mmene ankaimbira besi mu kwaya, kenako akhale chete. Kukhala chete kumeneko musakudzaze ndi malangizo. Mayi akenso alire pamaso pake nthawi zina, n'kumuuza kuti: “Ndikulira chifukwa ndawasowa adadi ako, koma ndikusamalirani, si ntchito yako kundisamala ine.” Ntchito za pakhomo zikhale ndi malire, apeze ola lowerenga ndi nthawi ya anzake kapena ya kwaya ya achinyamata.

Mupatseni kope lolimba ndi bokosi laling'ono. M'bokosi mulowe zithunzi, wotchi kapena lamba, pepala lililonse lolembedwa ndi dzanja la malemu. Pogawa zovala, mwana aliyense asankhe chimodzi abale asanatenge. Mauthenga a mawu a malemu amene ali pa WhatsApp m'mafoni a abale asungidwe pa memori khadi, chifukwa foni ikatayika mawuwo apita. Kamwana ka zaka 4 kaja kadzakumbukira zochepa kwambiri, ndipo bokosi limeneli ndi limene lidzakhale bambo ake.

Zizindikiro zoti musadikire: kunena kuti akufuna kutsatira bambo ake kapena bola kufa, kudzicheka, kugawa zinthu zake, kusadya masiku angapo, kuyamba mowa kapena chamba, kubwera ndi ndalama kapena foni yosadziwika kochokera. Chomalizachi muchiyang'anitsitse, chifukwa amuna ena amadziwa nyumba imene ufa watha. Akanena za kufa, mufunseni mosazungulira ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikumupatsa maganizowo. Asasiyidwe yekha, mankhwala ndi poizoni wa makoswe zichotsedwe m'nyumba, ndipo apite kuchipatala tsiku lomwelo. Pa manambala a foni opemphera thandizo, 116 ndi ya ana, yaulere, ndipo 933 ndi ya akulu. Ku chipatala cha Chainama kuli akatswiri a za maganizo, kupitako si misala. Ngatinso patha miyezi 6 mwana akulephererabe kupita kusukulu kapena kusewera, akaonedwe. Pemphero lipitirire, koma musamutengere kokatulutsa ziwanda chifukwa walota bambo ake. Kulota womwalira kumachitika kwa olira ambiri.

Agogo_a_Chawama
Mtsikana wa zaka 14 akufunikanso azakhali kapena mlangizi wa za chinamwali. Mayi ali m'chisoni angaiwale. Wina amufunse ngati ali ndi zofunika pa kumwezi, sangapemphe yekha ndalama ya maliro itangotha.

NaPhiri_Mtendere
Zikomo nonse. Ndawerengera amayi anzanga zonse madzulo ano. Mayi wa anawa wavomera kumuuza wamng'onoyo mawa masana, ndipo wapempha kuti amayi abusa akhale pambali pake. Kope la katundu tilemba Loweruka. Achimwene a malemu tawaimbira, akuti abwera Lachisanu ndipo ali okonzeka kukambirana za holide m'malo motenga ana. A ZaMalamulo, chikalata cha ukwati palibe, anakwatirana mwa ankhoswe. Zikhala bwanji?

ZaMalamulo_Kabwata
Ukwati wa mwambo ndi ukwati pa lamulo. Ankhoswe a mbali zonse ziwiri apite naye ku Local Court ngati mboni, atenge ma NRC awo. Popeza achimwene a malemu abwera Lachisanu, apempheni agone mpaka Lolemba kuti apitire limodzi, nkhani ya woyang'anira chuma ikayambikenso tsiku lomwelo.